Kapangidwe ka ampulifaya ya LM1875 kunyumba, kuchokera pa pulagi kufika pa sipika

Ampulifaya imene ndikufotokoza pano ndi ya masipika awiri, la kumanzere ndi la kumanja, ndipo mbali iliyonse imatulutsa ma watt pafupifupi 20 ikamayimbitsa sipika ya ma ohm 8. Anthu ena akangomva nambala ya 20 amagwa ulesi chifukwa anazolowera kuona 2000W PMPO pa makatoni a m'masitolo, koma manambala amenewo ndi okopera ogula basi. Ma watt 20 enieni, opita ku masipika abwino, amadzaza chipinda chochezera kapena kalasi mpaka anthu kuvutika kumvana polankhula. Mtima wa ampulifayayi ndi IC, kachipangizo kakang'ono kokuza mawu ka miyendo isanu, yotchedwa LM1875, imene inapangidwa ndi National Semiconductor, kampani yomwe Texas Instruments inaigula mu 2011. Njira yopanga ampulifaya ndi IC imodzi ndi tizipangizo tochepa inatchuka kwambiri kampani ya ku Japan ya 47 Laboratory itatulutsa Gaincard mu 1999. Anthu atatsegula ampulifaya yodulayo anapeza kuti mkati mwake munali LM3875, mkulu wake wa LM1875, ndi tizinthu towerengeka, ndipo ambiri anayamba kupanga zawo n'kumazitcha gainclone.

Kulumikiza IC yokhayo ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chimene chimasiyanitsa ampulifaya yomveka bwino ndi yong'ung'uza kapena yopsa msanga ndi magetsi amene mukuidyetsa, njira yochotsera kutentha, ndi mmene mwayendetsera mawaya a ground, mzere wa 0V umene magetsi amabwererako. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti mupange gawo limodzi, muliyese ndi mita yoyesera magetsi (multimeter), mukhutire nalo, kenaka mupite ku gawo lina, ndipo sipika yanu yabwino ikhale chinthu chomalizira kulumikizidwa.

Musanagwire chilichonse dziwani kuti ntchitoyi imakhudza magetsi a ESCOM a ma volt 230, omwe amapha munthu. Nthawi iliyonse imene dzanja likulowa m'bokosi, pulagi ikhale yozula ndipo muzitha kuiona ndi maso anu ili pathebulo, chifukwa kuzimitsa pa swichi pokha sikokwanira. Ngati simunalumikizepo waya wa magetsi a m'nyumba, gawo limenelo muchitire limodzi ndi munthu wodziwa zamagetsi, ndipo ana asayandikire pamene mukuyesa.

Zoyenera kusonkhanitsa

Chodula kwambiri ndi thiransifoma. Mufunika yolandira 230V ndi kutulutsa 18-0-18V, ya mphamvu ya 100VA kapena 120VA, kutanthauza kuti itha kupereka ma amp pafupifupi atatu. Nthawi zambiri yabwino imapezeka m'mawailesi akuluakulu akale omwe anafa, ndipo okonza mawailesi mumsika amakhala nazo m'makatoni pansi pa benchi. Pamodzi nayo mupeze bridge rectifier, yosandutsa magetsi a AC kukhala a DC, ya ma amp 6 kapena kupitirira, monga KBPC3510 yomwe ili ndi bowo la bawuti pakati, ma capacitor (zosunga magetsi) aakulu awiri a 10000uF kapena osachepera 4700uF olembedwa 35V kapena 50V, ma resistor (zochepetsa magetsi odutsa) awiri a 3.3k a watt imodzi, fyuzi ya 1A ya mtundu wochedwa kupsa yolembedwa T1A ndi mosungira mwake, swichi ya magetsi a m'nyumba, ndi chingwe cha mawaya atatu chokhala ndi pulagi ya mano atatu.

Mbali iliyonse ya ampulifaya ifuna LM1875 imodzi, ma resistor awiri a 22k, imodzi ya 1k, imodzi ya 1M ndi imodzi ya ohm imodzi ya watt imodzi. Ifunanso capacitor ya 2.2uF yopanda mbali ya + ndi -, ina ya 22uF, ziwiri za 100uF za 35V kapena 50V, ziwiri za 0.1uF zimene zimalembedwa 104, ndi imodzi ya 0.22uF yolembedwa 224. Zonsezi mugule kawiri chifukwa mbali ndi ziwiri. Zotsala ndi voliyumu ya A50K ya mizere iwiri, masoketi a RCA olowera mawu, zomangira mawaya a masipika, veroboard (bolodi la mabowo ndi mizere ya kopa), heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) yaikulu, mica (kapepala kotchinga magetsi) kapena kalabala kotchinga magetsi, kapulasitiki kovala bawuti, mafuta oyera a heatsink, ndi ma resistor awiri a ma ohm 10 oyesera. Mitundu ya mizere ya pa resistor imasokoneza maso, makamaka yofiira ndi ya olenji usiku, choncho resistor iliyonse muiyese ndi mita musanaiwotcherere.

Pa IC pamafunika kusamala. Pamsika pali ma LM1875 ambiri achinyengo, ndipo ena mwa iwo ndi TDA2030 imene anaifufuta dzina n'kulembapo lina. Miyendo ya ma IC awiriwa imafanana ntchito, choncho yachinyengoyo imayimba ndithu, koma TDA2030 imapirira ma volt 18 okha pa mzere uliwonse wa magetsi, wa + ndi wa -, ndipo TDA2030A imafika 22, pamene LM1875 imafika 30. Ine ndinagulapo ziwiri m'sitolo ina ya zipangizo, zinayimba bwino mphindi zochepa, kenaka imodzi inang'ambika pakati n'kutulutsa utsi, ndipo ndinataya masiku ndikufunafuna cholakwa pa bolodi lomwe linalibe vuto. Yang'anani zilembo ngati zili zooneka bwino ndi zosafufutika mukazipukuta ndi chala, ndipo mtengo ukatsika mokayikitsa musagule. Ngati chimene mwapeza ndi TDA2030A yeniyeni, igwiritseni ntchito ndi thiransifoma ya 12-0-12V, muwonjezere ma diode awiri a 1N4001 ochokera pa mwendo wotulutsa mawu kupita ku mizere iwiri ya magetsi, ndipo muyembekezere mphamvu yocheperapo.

Yambani ndi babu loyesera

Chida choyamba kupanga ndi babu loteteza. Tengani babu lakale la kawaya koyaka mkati, la ma watt 60, ndipo mulilumikize motsatana ndi waya wa live pakati pa pulagi ndi soketi ina yapadera, kuti magetsi onse opita ku ampulifaya azidutsa kaye m'babumo. Zinthu zikakhala bwino, babu limawala kamphindi pamene ma capacitor akudzaza, kenaka limazirala mpaka kungofiira pang'ono kapena kuzimiratu. Pakakhala shoti, babu limawala kwambiri n'kukhala choncho, ndipo limadya mphamvu imene ikanawotcha thiransifoma ndi IC. Mababu a LED ndi aja opulumutsa magetsi sagwira ntchitoyi. Akale aja akusowa masiku ano, koma ndi bwino kuchedwa sabata mukulifunafuna kusiyana ndi kuyatsa popanda ilo. Malo onse olumikizira akhale mkati mwa kabokosi kotseka, osati mawaya opotana okulungidwa ndi tepi.

Gawo la magetsi

Yambani mwazindikira mawaya a thiransifoma. Ikani mita pa ma ohm. Mawaya awiri olandira 230V amaonetsa nambala yokwererapo, pamene atatu otulutsa 18-0-18 amaonetsa nambala yaing'ono kwambiri, nthawi zambiri yosafika ohm imodzi. Mwa atatuwo, wapakati ndiye 0V, ndipo kawirikawiri amakhala wa mtundu wosiyana ndi anzake. Pa chingwe cha pulagi, waya wa bulawuni ndi live ndipo ayambe wadutsa pa fyuzi, kenaka pa swichi, asanafike ku thiransifoma. Waya wa buluu ndi neutral ndipo apite ku mbali ina ya thiransifoma. Waya wobiriwira ndi wachikasu ndi earth, ndipo ngati bokosi ndi lachitsulo amangidwe pa bawuti yakeyake pamalo pamene mwapala utoto mpaka chitsulo kuoneka. Waya ameneyu mumusiye wautaliko kuposa anzake awiri, kuti chingwe chikakokedwa mwangozi iye akhale womalizira kuzuka. Polowera chingwe m'bokosi pakhale labala ndi chomangira, ndipo malo onse a 230V muwaveke heat shrink, tipaipi totchinga magetsi timene timafinya tikatenthedwa, kuti pasakhale poonekera.

Mawaya awiri a 18V apite ku miyendo ya bridge rectifier yokhala ndi chizindikiro chonga kanjoka. Mwendo wa + wa bridge upite ku + ya capacitor yoyamba, ndipo mwendo wa - upite ku - ya capacitor yachiwiri. Tsopano pakhala miyendo iwiri yotsala, ya - ya capacitor yoyamba ndi ya + ya capacitor yachiwiri. Ilumikizeni ndi waya wokhuthala wamfupi, ndipo waya wapakati wa thiransifoma mumuwotcherere pomwepo, chifukwa pamenepa ndiye ground. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti - ya capacitor iliyonse iyenera kupita ku ground. Capacitor yachiwiri ija, imene ili pa mzere wa -25V wochokera ku - ya bridge, imaloza ground ndi mwendo wake wa +, popeza ground ili pamwamba pa -25V. Mukaitembenuza imatentha, kufufuma, n'kuphulika ndi mkokomo, ndipo madzi ake angathe kuwononga maso. Mzere woyera wa pathupi pa capacitor umasonyeza mwendo wa -, choncho uyang'aneni kawiri musanawotcherere. Pomaliza ikani resistor ya 3.3k modutsa pa capacitor iliyonse, kuti izitsitsa pang'onopang'ono magetsi otsalira mukazimitsa.

Kuchokera pakati pa waya wokhuthala uja tulutsani kawaya kena kokhuthala ka masentimita awiri kapena atatu, ndipo kumapeto kwake ndi kumene mawaya onse a ground adzakumane. Chifukwa chake n'chakuti pakati penipeni pa ma capacitor pamadutsa magetsi amphamvu odumphadumpha ka 100 pa sekondi iliyonse, pamene ma capacitor akudzazidwanso, ndipo ground ya mawu ikagawana njira ndi magetsi amenewo, kudumphako kumamveka m'sipika.

Lowetsani pulagi m'soketi yapadera ija yodutsa pa babu ndi kuyatsa. Babu liwale kamphindi n'kuzirala. Ikani mita pa AC, ndipo muone pafupifupi 18V pakati pa waya wapakati ndi mbali iliyonse, komanso 36V pakati pa mbali ziwirizo. Kenaka ikani pa DC, waya wakuda wa mita uli pa ground. Mbali ina ionetse +25V ndipo inayo -25V, chifukwa 18 kuchulukitsa ndi 1.414 ndi 25.5, kuchotsapo pang'ono pamene diode yadya. Popanda katundu nambalayi ingafike 26 kapena 27, ndipo palibe vuto, koma ikayandikira 30 imani pomwepo. Ichi n'chifukwa chake sindilimbikitsa thiransifoma ya 20-0-20V ngakhale ikupezeka mosavuta: imapereka 28V, ndipo tsiku limene magetsi abwera okwera, makamaka akangobwerera pambuyo pozima, IC imapyola malire ake. Mukazimitsa, dikirani mphindi ziwiri ndi kuyesanso ndi mita kuti mutsimikize kuti ma capacitor atsika musanakhudze.

Kulumikiza LM1875

Gwirani IC zilembo zikuyang'ana inu, miyendo ili pansi. Kuwerenga kumayambira kumanzere. Mwendo woyamba ndi wolowera mawu, wachiwiri ndi wobwezera mawu kuti IC izidziwongolera, wachitatu ndi wa -25V, wachinayi ndi wotulutsa mawu kupita ku sipika, ndipo wachisanu ndi wa +25V. Miyendoyi ndi yoyandikana kuposa mabowo a veroboard, choncho muitambasule mofatsa ndi pulayala, mutaigwira pafupi ndi thupi la IC kuti isathyokere m'tsinde. IC ikhale m'mphepete mwa bolodi, msana wake wachitsulo ukuyang'ana kunja kumene kudzakhale heatsink.

Mawu ochokera ku voliyumu adutse pa capacitor ya 2.2uF n'kufika pa mwendo woyamba. Resistor ya 1M ichoke polowera mawupo, kutsogolo kwa capacitor, kupita ku ground, ndipo resistor ya 22k ichoke pa mwendo woyamba kupita ku ground. Resistor yachiwiri ya 22k ilumikize mwendo wachinayi ndi wachiwiri, ndipo ikhale ya miyendo yaifupi kwambiri, yowotchereredwa pafupi ndi IC penipeni. Kuchokera pa mwendo wachiwiri womwewo, resistor ya 1k ipite ku capacitor ya 22uF, ndipo mwendo wina wa capacitoryo utsikire ku ground. Ma resistor awiriwa ndi amene amanena kuti mawu akula kangati: 22k kugawa ndi 1k, kuwonjezerapo 1, ndi 23. Kuti sipika ya ma ohm 8 ilandire ma watt 20 imafuna 12.6V, ndipo 12.6 kugawa ndi 23 ndi 0.55V, mlingo umene mafoni ambiri, kompyuta kapena kachipangizo ka Bluetooth zimakwanitsa. Mutha kusintha nambalayi pang'ono, koma isatsike pansi pa 10, chifukwa LM1875 siikhazikika pansi pa pamenepo ndipo imayamba kudzilirira yokha pa mawu okwera amene khutu silimva. Capacitor ya 22uF ija ili ndi ntchito yofunika: imalola mawu kukula koma imaletsa magetsi a DC kukula nawo, ndipo pamodzi ndi 1k imangodula mawu apansi pa 7Hz, kutali ndi besi imene timamva.

Pa mwendo wachisanu ikani capacitor ya 100uF ndi ya 104 kupita ku ground, ndipo chitaninso chimodzimodzi pa mwendo wachitatu, mukukumbukira kuti ya 100uF ya mwendo wachitatu iloze ground ndi + yake. Ma 104 awiriwo akhale pafupi ndi miyendo ya IC osapitirira sentimita imodzi, chifukwa akatalikira amakhala ngati kulibe. Pomaliza, kuchokera pa mwendo wachinayi, resistor ya ohm imodzi itsatane ndi capacitor ya 224 kupita ku ground. Tiwiri timeneti timaoneka ngati tosafunika ndipo ena amatisiya, koma ndi timene timakhazikitsa IC pamene sipika ndi mawaya ake aatali zikuivutitsa pa mawu okwera.

Mizere ya kopa ya pa veroboard ndi yopyapyala, pamene sipika imakoka ma amp opitirira awiri nyimbo ikafika pachimake. Mizere ya mwendo wachitatu, wachinayi ndi wachisanu muilimbitse pogoneka kawaya ka kopa pamwamba pake n'kuwotcherera. Pamene mzere uyenera kuduka, dulani ndi nsonga ya drill yopotokola ndi dzanja, kenaka muunike bolodi ku dzuwa kuti muone ngati pasanatsale kaulusi ka kopa. Bolodi lililonse likhale ndi mawaya awiri a ground osiyana: wina woonda wotenga ground ya 1M, ya 22k ndi ya 22uF, wina wokhuthala wotenga ground ya ma 100uF, ma 104 ndi 224. Onse awiri, pamodzi ndi waya wa - wa sipika, apite aliyense payekha kukakumana pa malo amodzi aja pafupi ndi ma capacitor aakulu.

Powotcherera, soldering iron ya ma watt 30 kapena 40 ndi yokwanira, ndipo solder ikhale ya 60/40 yokhala ndi rosin mkati, yomwe imasungunuka pa madigiri pafupifupi 190. Asidi amene amagwiritsa ntchito okhoma zidebe asayandikire bolodi, chifukwa amadya kopa pakapita miyezi. Nsonga ya iron ikhudze mwendo ndi mzere wa kopa nthawi imodzi, muwerenge kawiri, kenaka mukhudzitse solder pa mwendopo osati pa iron. Mudzaona ikusungunuka, kuyenderera yokha mozungulira bowo ndi kukwera mwendo ngati kachulu kosalala konyezimira. Chotsani solder, kenaka iron, ndipo musagwedeze mpaka itauma. Ikaoneka ngati kampira kotuwa kongokhala pamwamba, sinagwire, ndipo m'pofunika kuitenthetsanso. Mugwirire ntchito pamalo opita mphepo, ndipo musambe m'manja mukamaliza popeza solder imeneyi ili ndi mtovu.

Heatsink

LM1875 siiyenera kuyatsidwa popanda heatsink ngakhale kwa mphindi imodzi. Ili chete imakoka pafupifupi 70mA, zomwe pa ma volt 50 a pakati pa +25V ndi -25V ndi ma watt atatu ndi theka a kutentha, ndipo ikamayimba mwamphamvu pa sipika ya ma ohm 8 kutenthako kungafike ma watt 19 pa IC imodzi. Ndi moto wofanana ndi theka la soldering iron yanu, wochokera pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo. IC ili ndi chitetezo chodzizimitsa mkati mwake mukafika madigiri 170, koma ampulifaya imene imadalira chitetezo chimenecho tsiku ndi tsiku siikhalitsa. Funani heatsink ya aluminiyamu yokhuthala, ya zipsepse zambiri, yosachepera kukula kwa chikhatho cha munthu wamkulu pa IC iliyonse. Za m'ma ampulifaya akale, m'ma UPS akufa, kapena za purosesa ya kompyuta yakale zimagwira bwino, ngakhale za kompyutazo zimafuna fani chifukwa zipsepse zake ndi zothithikana. Amene ali ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mphepete mwa nyanja, kumene mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, asankhe yaikulu kuposa pamenepa. Zipsepse ziime choongoka kuti mpweya wotentha uzikwera pakati pake.

Msana wachitsulo wa LM1875 ndi wolumikizana ndi mwendo wachitatu, kutanthauza kuti uli ndi -25V. Mukaumanga mwachindunji pa heatsink imene yakhudza bokosi, mwachititsa shoti. Pakani mafuta oyera pang'ono kwambiri pa heatsink, ikani mica, pakaninso pang'ono pamsana pa IC, lowetsani kapulasitiki m'bowo la IC, kenaka bawuti. Bowo la pa heatsink likhale losalala m'mphepete, chifukwa kachitsulo kotsalira pobowola kamaboola mica. Mangani mpaka mafuta atulukire pang'ono m'mbali, osapitirira. Kenaka ikani mita pa ma ohm pakati pa msana wa IC ndi heatsink, ndipo isasonyeze kulumikizana kulikonse. Tsiku lina ndinaika mica bwinobwino koma kapulasitiki ka bawuti kanagwera pansi osakaona, ndipo bawutiyo inalumikiza IC ndi heatsink. Nditayatsa, babu linawala ngati lili padenga ndipo silinazirale. Ndinazula pulagi, ndinapeza kapulasitikiko pansi pa thebulo, ndipo palibe chinapsa, chifukwa babu ndi limene linanyamula katunduyo.

Masipika a ma ohm 4, monga ambiri a m'galimoto, amachulukitsa kutenthaku pafupifupi kawiri pa 25V, ndipo palibe heatsink yapafupi imene ingakwanitse. Ngati masipika anu ndi otero, gwiritsani ntchito thiransifoma ya 12-0-12V. Kumbukiraninso kuti masipika awiri a ma ohm 8 olumikizidwa mbali ndi mbali pa waya mmodzi amasanduka ma ohm 4. Sipika ya ma ohm 8 imaonetsa 6 kapena 7 pa mita, ndipo ya ma ohm 4 imaonetsa 3 ndi pang'ono.

Kuyesa

Yesani mbali imodzi payokha, sipika isanalumikizidwe. Lumikizani polowera mawu ku ground ndi kawaya kakafupi. Ikani resistor ya ma ohm 10 motsatana pa waya wa +25V ndi ina pa waya wa -25V, ndipo muyatse kudzera pa babu. Yesani DC modutsa pa resistor iliyonse. Muyenera kuona pakati pa 0.5V ndi 1V, zomwe zikusonyeza kuti IC ikukoka 50mA mpaka 100mA. Mukaona ma volt angapo, kapena resistor ikuyamba kununkha, zimitsani ndi kufufuza miyendo, ma capacitor otembenuka ndi solder yolumphira pa mzere wina. Zikakhala bwino, ikani mita pakati pa mwendo wachinayi ndi ground. Nambala ikhale yosapitirira 50mV, ndipo pa IC yeniyeni kawirikawiri imakhala ma millivolt ochepa chabe. Mukaona nambala yoyandikira 25V, pali cholakwa chachikulu, ndipo sipika ikanakhalapo koyilo yake ikanapsa m'masekondi ochepa. Kuyesa kumeneku musakudumphe ngakhale mutakhala ndi changu chotani.

Isiyeni yoyaka mphindi khumi mukugwira heatsink. Ifunde pang'ono chabe. Ikatentha kwambiri popanda nyimbo, kapena resistor ya ohm imodzi ija ikatentha, ndiye kuti IC ikudzilirira mawu okwera aja, ndipo mankhwala ake ndi kufupikitsa miyendo ya 22k yobwezera, kusendeza ma 104 pafupi, ndi kutalikitsa waya wa sipika ndi waya wolowera mawu. Mukakhutira, zimitsani, dikirani kuti ma capacitor atsike, chotsani ma resistor a ma ohm 10 ndi kawaya ka polowera, ndipo lumikizani sipika yakale imene simungaidandaule. Yatsani voliyumu ili pansi, lowetsani nyimbo, ndipo kwezani pang'onopang'ono. Babu liziphethira motsatira ng'oma, ndipo zimenezo ndi zoyenera. Bwerezani zonsezi pa mbali yachiwiri, kenaka ziwiri pamodzi, ndipo pokhapo ndi pamene mungachotse babu n'kulowetsa pulagi kukhoma.

Pa voliyumu, mukaiyang'ana kutsogolo miyendo ili pansi, mwendo wakumanzere upite ku ground, wapakati ku bolodi, ndipo wakumanja ku soketi ya RCA. Mawu akamatsika pamene mukukweza, sinthanitsani miyendo iwiri ya m'mbali. Mawaya onse a mawu olowa akhale a shield, aja okutidwa ndi ulusi wachitsulo wotchinga phokoso.

Kuika m'bokosi ndi kuthetsa kung'ung'uza

Thiransifoma ikhale ku ngodya imodzi, masoketi a RCA ndi voliyumu ku mbali ina kutali nayo. Mawaya a 230V muwapote awiriawiri ndi kuwayendetsa m'mphepete mwa bokosi, a 18V nawonso muwapote, ndipo a +25V, ground ndi -25V opita ku bolodi muwaluke pamodzi. Ngati waya wa mawu ayenera kudutsana ndi wa magetsi, adutsane mopingasa osati kuyendera limodzi. Masoketi a RCA asakhudze chitsulo cha bokosi, ndipo ground ya ampulifaya ilumikizane ndi bokosi pamalo amodzi okha, kuchokera pamene mawaya onse akumana. Boolani mabowo pa bokosi, kunsi ndi kumwamba kwa heatsink, kuti mpweya uzilowa ndi kutuluka, koma akhale aang'ono moti chala cha mwana sichingalowe.

Kung'ung'uza kukamveka, tcherani khutu ku mtundu wake. Kwapansi kosalala ndi kwa 50Hz, ndipo kumachokera ku thiransifoma imene yayandikira mawaya a mawu. Kokwererapo kokhala ngati njuchi ndi kwa 100Hz, ndipo kumaloza ku ground yoyenda molakwika kapena ma capacitor aakulu amene anauma. Zulani chingwe cha RCA ndi kutsitsa voliyumu. Phokoso likatha, vuto lili kunja kwa ampulifaya, ndipo kawirikawiri ndi tchaja ya foni kapena ya laputopu imene ili pamoto nyimbo zikuyimba. Likapitirira, vuto lili mkati. Amene amagwiritsa ntchito inverter ya sola yosakhala ya pure sine wave adzamva thiransifoma ikulira ndipo phokosolo lingalowe m'masipika. Ampulifayayi siingayende pa batire la 12V mwachindunji, ndipo wofuna ya batire ndi bwino apange ya TDA7297, imene inapangidwira magetsi a pakati pa 6V ndi 18V.

Masipika awiri alumikizidwe mofanana, + ku + ndi - ku -. Ngati zizindikiro zinafufutika, khudzitsani batire la tochi la 1.5V pa mawaya a sipika kamphindi: pepala la sipika likatulukira kunja, waya amene ali pa + ya batire ndiye +. Sipika imodzi ikatembenuka, besi imasowa ngakhale zonse zili bwino. Mukamakweza voliyumu n'kumva mawu ayamba kusasa ndi kuthetheka, ampulifaya yafika pamapeto a ma volt ake, ndipo kupitiriza pamenepo kungawotche tweeter, kasipika ka mawu okwera. Ikani kachizindikiro pa voliyumu pamalo pamene kusasako kumayambira, kuti aliyense wa pakhomo adziwe polekezera.

Musanamange chivundikiro komaliza, chiikeni pamwamba ndi kuyimbitsa nyimbo kwa ola lathunthu pa mlingo umene mudzagwiritse ntchito masiku onse. Kenaka zulani pulagi, tsegulani, ndipo gwirani heatsink pafupi ndi IC. Ngati chala chikutha kukhalapo masekondi asanu kapena kupitirira, kutentha kuli bwino. Ngati sichikutha, wonjezerani mabowo, ikani fani ya 12V ya kompyuta yokhala ndi magetsi akeake, kapena pezani heatsink yaikulu. Gwiraninso thiransifoma ndi bridge rectifier, ndipo bridge ikakhala yotentha imangeni pa chitsulo cha bokosi kudzera pa bowo lake lapakati. Zonse zikazizira, limbitsaninso mabawuti a ma IC pang'ono chifukwa mafuta amakhala atakhazikika, yesaninso ndi mita kuti msana wa IC sukukhudza heatsink, yesani kuti dzino la earth la pa pulagi likulumikizana ndi bokosi pa nambala yosafika ohm imodzi, yesaninso DC pa zomangira zonse za masipika, ndipo mukatero mangani chivundikiro n'kulumikiza masipika anu abwino.